Kodi nyambo yaikulu ndiyo ikola mcheni waukulu?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wa ku Nsanje amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti m'sitolo ina ya zowedzera waona nyambo zapulasitiki zotalika ngati mkono wa mwana, zina mpaka masentimita 25, zolendewera mbedza za mano atatu. Akufuna kugula ziwiri zoti adzapite nazo ku damu la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Okutobala. Funso lake ndi lakuti, nyambo ikakula, kodi mcheni woikola nawonso ukula?

Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Tiyambe tamvana za nsomba yomwe tikunena, poti a kunyanja atisokoneza. Mcheni wa ku Mangochi ndi ku Nkhotakota ndi wina, wa mtundu wa chambo ngakhale ndi wowonda. Umene mukufuna inu ndi wa mizere yakuda m'mbali ndi mchira wofiirira, uja Azungu amati tigerfish. Kwathu kuno umapezeka kumunsi kwa Shire basi, chifukwa mathithi a Kapichira amautsekereza kuti usakwere kupita kunyanja. Kwawo kwenikweni ndi mu Zambezi, ku Kariba ndi ku Cahora Bassa komwe mukupitako.

Nyambo zimene mwaonazo sanapangire mcheni. Zambiri anapangira nsomba za ku Ulaya ndi ku America zotchedwa pike ndi muskie. Nsomba zimenezo zili ndi kukamwa kotambalala ngati kwa bakha, zimabisala m'udzu, zikagwira zimakanirira nyamboyo mpaka mbedza italowa. Kumeneko mawu akuti nyambo yaikulu, nsomba yaikulu ali ndi mutu ndithu. Mcheni sudya choncho. Umabwera mothamanga, kukhadzula ndi mano kenako kutembenuka. Kukamwa kwake ndi fupa lokhalokha, mnofu woti mbedza igwirepo ndi wochepa kwambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuti mcheni ulume, si vuto. Nsomba imeneyi ndi yaukali moti ku dziwe la Schroda ku South Africa ofufuza anaijambula ikudumpha n'kugwira namzeze ali mkati mouluka, ndipo anazifalitsa mu 2014. Vuto ndi kuisunga pa mbedza. Ikangomva kulasa imalumphira m'mwamba, n'kupukusa mutu. Tsono nyambo yolemera ikalendewera kunja kwa kamwa, kulemera kwakeko ndi kumene kumazula mbedza, ngati momwe mumazulira chikhomo pochigwedeza uku ndi uku. Mudzaona nyambo yanu yodula ikuuluka kubwerera ku bwato, nsomba itapita. Ine zinandichitikira kanayi m'mawa umodzi wokha, mpaka mnyamata wopalasa anasiya kubisa kuseka.

Mbedza za mano atatu zija zimaoneka zoopsa m'sitolo, koma pa fupa n'zopanda pake. Mukakoka, mphamvu imagawikana pa nsonga zitatu ndipo palibe imene imaboola. Chotsani, muikepo mbedza imodzi yolimba, yonoledwa bwino. Muzinola kawirikawiri, ngakhale yangotuluka m'paketi. Mbedza imodziyo imathandizanso pomasula nsomba, poti zala zanu sizichedwa pafupi ndi mano amenewo.

Sindikuti mugule tinthu tating'ono. Nyambo yokulirapo imachepetsadi tiana tovutitsa, ndipo mcheni wa makilogalamu asanu sutaya mphamvu pothamangitsa kanthu kosakhutitsa. Koma kukula kwake kukhale kwa nzeru: masentimita 10 mpaka 15 akwana. Ganizirani zimene umadya. Ku Kariba anathiramo kapenta wochokera ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo kenako anatsikira yekha ku Cahora Bassa. Kapenta ndi kansomba kotalika ngati chala, koma ndi amene wanenepetsa mcheni wa m'madamu awiriwa. Mcheni waukulu kuposa wonse wolembedwa mwalamulo kuti unagwidwa ndi mbedza unali wa makilogalamu 16.1, ndipo unachokera ku Kariba mu 2001. Mukamva za makilogalamu 40 kupita m'mwamba, imeneyo ndi mbenga ya mu mtsinje wa Congo, msuwani wake, siimapezeka mu Zambezi.

Ndikanakhala ine m'sitolomo, ndikanatola masipuni (nyambo zooneka ngati sipuni) achitsulo olemererapo, ena oyera ena amtundu wa kopa, masipina (nyambo zokhala ndi kachitsulo kozungulira m'madzi) awiri kapena atatu, ndi Rapala (nyambo yooneka ngati kansomba) imodzi kapena ziwiri zomira zokokera kumbuyo kwa boti. Asodzi a ku Kariba amakonda kukoleka kachidutswa ka nsomba pa mbedza ya sipina, kuti mcheni ukaluma umve nyama n'kukanirira pang'ono. Zapulasitiki yofewa musataye nazo ndalama, kuluma kamodzi zaduka pakati.

Chimene simunafunse koma n'chofunika kuposa nyambo ndi waya. Pakati pa chingwe ndi nyambo pakhale waya wachitsulo wotalika masentimita 20 kapena 30, apo ayi mano adula chingwe ngati lumo. Kachitsulo kolumikizira kakhale kakuda, chifukwa kakamanyezimira mcheni wina umaluma pomwepo n'kukudulirani zonse. Waya akapindika, sinthani, musachite naye umbombo. Ndipo nsomba ikadumpha, tsitsani nsonga ya ndodo kumadzi koma chingwe chisakhwefuke ngakhale pang'ono.

Mwezi mwasankha bwino. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba madzi amakhala oyera ndi ofunda, ndipo mcheni umasaka ndi maso. N'chifukwa chake mpikisano waukulu wa ku Kariba, umene unayamba mu 1962, umachitika mu Okutobala. Mvula ikangodetsa madzi, nyambo zopanga zimachepa mphamvu. Ponyani m'mamawa ndi chakumadzulo, pafupi ndi mitengo yomira, m'mphepete mwa matanthwe, ndi pamene madzi othamanga akumana ndi odikha. Masana a ku Tete muwadziwa nokha, kutentha kwa ku Nsanje kuchepa.

Za chilolezo chowedzera mufunse pamalo pomwe mukafikire musanalowe m'madzi. Musamaimirire m'madzi kapena kutsuka manja m'mbali mwa boti, ng'ona za kumeneko si zocheza nazo. Mukadzakola waukulu, dziwani kuti kawirikawiri ndi waukazi, woikira mazira. Ine wotere ndimaujambula n'kuubweza, pajatu ndi waminga yambiri, ndiwo zabwino ndi chambo. Muugwire ndi manja onyowa, dzanja lina pansi pa mimba, ndipo mbedza muchotse ndi pulayala yaitali.

Ngati mtima wakanirirabe pa nyambo yaikuluyo, gulani imodzi, muisinthe mbedza, muikoke kumbuyo kwa boti pa madzi akuya. Mwina vundu, mlamba waukulu wa mu Zambezi, angaikhumbe. Mudzanditumizire chithunzi cha mmene idzaonekere pobwera.