Kodi Harper "afita" ku San Antonio? Za gadi, kudrafitidwa ndi kuthekera

*Aphunzitsi, ndine mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo ndimakonda basketball. Chitengereni timu ya San Antonio Spurs mnyamata uja Dylan Harper, ine ndi anzanga amene timasewera limodzi Loweruka sitikugwirizana. Wina akuti, "Wadrafitidwa bwino koma safita, magadi achuluka, atambala atatu salira m'khola limodzi." Wina akuti, "Musiyeni, ali ndi kuthekera." Achemwali anga atatimva anafunsa ngati tikukamba za alonda a pageti. Kodi mawu amenewa tingawanene bwanji m'Chichewa chomveka?*

Achimwene, funso lanu landisangalatsa, chifukwa m'ziganizo ziwiri za anzanuzo muli mawu anayi oti tikhalire pansi. Koma tiyambe tawauza nkhaniyi amene satsatira NBA, ligi ya basketball ya ku America.

Pa 25 Juni 2025, ku Brooklyn mumzinda wa New York, matimu a ligiyi ankasankha anyamata atsopano. Dallas Mavericks ndiyo inayamba, n'kutenga Cooper Flagg wa ku yunivesite ya Duke. Spurs inali yachiwiri, ndipo inatenga Harper, wa zaka 19, amene anasewera chaka chimodzi chokha ku yunivesite ya Rutgers ku New Jersey. Bambo ake ndi Ron Harper, amene anatenga ukatswiri wa ligiyi kasanu, katatu ndi Chicago Bulls, kawiri ndi Los Angeles Lakers. Pamene pagona mkangano ndi apa: Spurs inali kale ndi De'Aaron Fox, amene anachokera ku Sacramento Kings mu Febuluwale 2025, komanso Stephon Castle, amene mu 2025 analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse. Atatuwa onse amasewera bwino mpira ukakhala m'manja mwawo, koma mpirawo ndi umodzi.

"Kudrafitidwa" ndikukana, ndipo sindikunyengererani. Mukalitchula pamsika, munthu aganiza za masewero aja a zitsekerero za mabotolo amene amaseweredwa pakhonde pa golosale. Komanso mawuwa sakunena chilichonse chimene Chichewa chikulephera kunena. Ena amathamangira kuti "Spurs yagula Harper", potengera mpira wa miyendo, koma kumeneko n'kulakwitsa nkhani. Palibe ndalama imene Spurs inapereka ku Rutgers. Matimu amasankha motsatana, ndipo amene sanachite bwino ndiwo amayamba. Matimu 14 amene alephera kulowa m'ndime ya chipulula amachita maere olimbirana malo oyambirira, ndipo maerewo ndi amene anakweza Spurs kufika pachiwiri. Choncho nenani kuti "Harper wasankhidwa", kapena "Spurs yasankha Harper pa nambala 2". Basi.

Mneni ameneyu, kusankha, ndimamukonda. Mayi anga akakhala ndi lichero pamiyendo ankati akusankha mpunga, koma chimene ankachotsa ndi timiyala ndi mankhusu. Ndiye kuti m'mawu amodzimodziwo muli kutenga ndi kusiya. N'chifukwa chake tsinde lomwelo linabala chisankho ndi tsankho, china chabwino china choipa. Posankha Harper, Spurs inasiya anyamata ena onse amene anali pamzere, ndipo masapota akamakangana, theka la mkangano wawo limakhala la amene anasiyidwawo. Musanene kuti "yatola", chifukwa timatola chinthu chimene ena achidutsa osachiona. Mawu amenewo asungireni Manu Ginobili, amene Spurs yomweyi inamusankha pa nambala 57 mu 1999, matimu ena atamulambalala, iye n'kudzatenga nayo ukatswiri kanayi. Ameneyo ndiye inachita kutola.

Pa "gadi" ndifewako. Achemwali anu sanalakwe, pakuti kwathu kuno gadi ndi bambo wa chibonga ndi tochi. Koma taonani chimene chili m'mawu oti mlonda. Amachokera ku kulonda, kutsatira chinthu osachisiya, monga mlenje alonda mapazi a nyama; kulondola ndi kulondalonda ndi abale ake. Masewerowa atangoyamba, James Naismith atawayambitsa mu 1891 ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, ntchito ya gadi inalidi imeneyo, kulonda wakutsogolo wa timu inayo kuti asaponye. Akanakhala kuti masewerowa anafika kuno nthawi imeneyo, ndikhulupirira kuti tikanati mlonda ndipo palibe akanaseka. Lero ntchito inasintha. Gadi ndiye amanjanjitsa mpira kuchoka kumbuyo, kuona amene ali poyera, kupatsira, kapena kudzilowera yekha. Mukati "mlonda" musocheretsa anthu, ndipo mukati "wotchinga kumbuyo" mwabwereka jezi ya mpira wa miyendo imene si yake. Pabwalo pitirizani kunena gadi, magadi; mawuwa alowa kale m'gulu la mayina ngati timu, matimu, ndipo sakuvuta lilime. Polemba kapena pofotokozera achemwali anu, nenani kuti "woyendetsa mpira" kwa amene amagawa, ndi "woponya" kwa mnzake amene amadikira cha m'mbali.

Tsopano tifike pa "kufita", pamene ine ndikuona kuti mkangano wanu wasokonekera. Mawu obwerekawa amata pamodzi mafunso atatu amene Chichewa chimawalekanitsa bwinobwino, ndipo ndikukayika ngati inu ndi anzanuwo mukukangana pa funso limodzi.

Loyamba ndi kukwana. Nsapato imakwana, anthu amakwana m'minibasi, ndiwo zimakwanira alendo. Apa tikufunsa za malo ndi chiwerengero. Masewero a NBA amatenga mphindi 48, ndipo malo a magadi ndi awiri, ndiye mphindi zogawana ndi 96. Mukagawira anthu atatu, aliyense apeza 32, zimene ndi zambiri ndithu kwa mnyamata wa chaka choyamba. Choncho amene akunena kuti Harper sakwana, masamu akumutsutsa. Ginobili tamutchula uja anasewera zaka zambiri akuyambira pa benchi, gadi mnzake Tony Parker ali m'bwalo, mpaka analandira mphoto ya wolowa m'malo wopambana mu 2008. Ku San Antonio zoterezi si zachilendo. Chenjerani pang'ono ndi mneniyu, chifukwa "wandikwana" ndi nkhani ina.

Lachiwiri ndi kuyenera. Chovala chikhoza kukukwana koma osakuyenera. Apa tikufunsa ngati thupi ndi kasewero ka mnyamatayu zikugwirizana ndi ntchito imene akumufunira. Harper ndi wamtali pafupifupi mamita awiri, wamanzere, wodziwa kulowa pakati pa anthu mpaka kufika pansi pa golo. Msinkhu umenewo ukutanthauza kuti akhoza kulonda anthu akuluakulu kuposa amene Fox angalonde. Ine ndikuti ntchitoyo ikumuyenera.

Lachitatu ndilo lenileni, ndipo ndi kumvana. Taonani kamchira kameneka, -ana. Kumenya, kumenyana, kukonda, kukondana, kumva, kumvana, kupatsira, kupatsirana. Tizilembo titatu tokha, koma timachotsa katundu pamutu pa munthu mmodzi n'kumusenzetsa onse. Mukafunsa kuti "kodi Harper afita?" mwamuimika mnyamatayo yekha pabwalo la milandu, ngati kuti Fox ndi Castle ndi zipupa zimene sizisuntha. Mukafunsa kuti "kodi atatuwa amvana?" mwafunsanso ngati Fox, amenenso ndi wamanzere ndipo anazolowera kukhala mwini mpira ku Sacramento, avomera kuthamanga wopanda mpira nthawi zina. Mwafunsa ngati Castle, amene chaka chake choyamba sanafike pa 30 mwa mipira 100 iliyonse yoponyera kutali, awongola dzanja. Harper naye ku Rutgers ankalowetsa pafupifupi umodzi mwa itatu yakutaliyo. Nkhawa ya mnzanu wa atambala ija ili ndi maziko apa: ngati atatuwa saopsa akaima kutali, adani adzangounjikana pakati, pamene Victor Wembanyama, mnzawo wamtali kwambiri wa mu Spurs, akufuna mpata. Ndipo mwafunsanso za mphunzitsi Mitch Johnson, amene analowa m'malo mwa Gregg Popovich mu 2025, chifukwa kumvanitsa anthu ndi ntchito yake. Zonsezi zatuluka m'kamchira kamodzi.

Pali mawu enanso amene akuluakulu ankanena za mabanja awiri amene azolowerana mpaka kubwerekana mchere osagogoda: ankati "analowana". Timu imene yasewera limodzi zaka zingapo imafika pamenepo, wina akangotembenuza mutu mnzake wadziwa kale kopita. Zimenezo musaziyembekezere m'miyezi yoyamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti achinyamata ambiri lero akuti "kumvana wina ndi mnzake", kapenanso "kuthandizana wina ndi mnzake", ngati kuti -ana sanamalize kale ntchitoyo. Mchira wowonjezerawo ndi wa Chingerezi, ndipo unalowa ndi anthu omasulira mothamanga.

"Kuthekera" ndiye ndili nako kukhosi. Ndili mwana sindinamvepo munthu wamkulu akunena kuti wina ali ndi kuthekera. Ndinayamba kuwamva mawuwa pa wailesi, m'kamwa mwa anthu ochokera kumisonkhano ya m'mahotela, ndipo ndilibe chikayiko kuti anapangidwa pofuna kupezera malo liwu la Chingerezi lija loti potential. Kapangidwe kake si kolakwa: kutha, kutheka, kuthekera. Koma kutheka ndi kwa zinthu. Ulendo umatheka, ukwati umatheka, munthu amatha. Agogo anga aamuna akaona mnyamata wagwira bwino khasu sankafuna dzina la chinthu chobisika m'thupi mwake, ankangoti, "Uyu adzalima." Chichewa chimaika tsogolo mu mneni, pa -dza- paja. Ndiye za Harper nenani kuti "adzasewera mnyamata ameneyu", kapena "luso ali nalo, adzafika patali", kapena mwachidule "ali ndi tsogolo". Ndikudziwa kuti kuthekera kwakhazikika, kuli m'manyuzipepala ndi m'maulaliki, ndipo sindingakuthamangitse. Mnzanuyo musamudzudzule. Koma inuyo mukamalemba, yesani kaye mneni.

*Bambo, mwana wanga analemba kuti "Harper ndi osewera wabwino" ndipo aphunzitsi ake anamuchongera. Kodi si mmene amanenera pa wailesi? Nanga basketball si mpira wa manja? Ndine mayi wa ku Zomba.*

Mayi, aphunzitsiwo anachita bwino. Mmodzi ndi wosewera, ambiri ndi osewera, monga wophunzira ndi ophunzira, wodwala ndi odwala. Poyankhula w uja amamezeka, ndipo owulutsa mpira amamumeza kwambiri chifukwa cha liwiro, koma polemba ayenera kuoneka. Chiganizo cha mwana wanucho chikudzitsutsa chokha, pakuti "osewera" akunena ambiri pamene "wabwino" akunena mmodzi. Akafuna kulemekeza, alembe zonse mwaulemu: "a Harper ndi osewera abwino", ngakhale kuti ulemu wotere ukuyenera bambo ake a Ron kuposa mnyamatayu.

Za dzina la masewerowa, kuno "mpira wa manja" anautenga kale ndi a ntchemberembaye, ndipo mukatero aliyense aganiza za ma Queens athu. Masewero awiriwa ndi apachibale, popeza ntchemberembaye inaphuka kuchokera ku basketball, koma dzina limodzi silingatumikire onse. Naismith anapachika madengu enieni a mapichesi, ndiye amene amati "mpira wa dengu" sakunama, kungoti sindinamvepo wosewera aliyense akutero pabwalo. Mwanayo alembe basketball monga amalembera eni ake, kapena basiketibolo ngati aphunzitsi akufuna kalembedwe ka Chichewa.