Mbuzizo zisiyeni m'khola, mabuku a ku yunivesite sagulidwa choncho

Bambo ena a ku Ngabu andilembera kuti mwana wawo wamkazi wasankhidwa ku UNIMA kukachita Social Science, ndiye pa gulu la WhatsApp la ma first year wina waponyapo mndandanda wa mabuku ambirimbiri, a Sociology, Psychology, Economics ndi ena a kalembedwe, akufunsa ngati agulitse mbuzi ziwiri kuti mwanayo anyamuke atagula kale. Palinso mnyamata wa ku Bangula, ali chaka chachiwiri ku Humanities, iye akuti buku amaliwerenga mpaka kuliloweza koma asayimenti ikumabwera ndi malikisi a m'ma 50 basi, alekichala atalemba pansi kuti mfundo yako ili pati. Ndiwayankha limodzi poti nkhaniyi ndi imodzi.

Bambo, mbuzizo zisiyeni kaye. Ku sekondale silabasi ndi imodzi dziko lonse, mwana wa ku Chikwawa ndi wa ku Karonga amalemba pepala lomwelo la MANEB, ndiye kugula buku pasadakhale kumamveka. Ku yunivesite aliyense wophunzitsa kosi amabwera ndi course outline yake sabata yoyamba, m'menemo ndi momwe muli mabuku amene iye akuwafuna, ena oti awerengedwe ndithu ena ongoonjezera, ndipo nthawi zambiri m'buku la masamba 600 amangofunamo machaputala atatu kapena anayi. Mndandanda wa pa WhatsApp uja mwina ndi wa chaka chatha, mwina wa alekichala amene anachoka, mwinanso ndi wa munthu woti ali ndi mabuku akewo akufuna awagulitse kwa ma first year asanachangamuke. Komanso mabuku ambiri a maphunziro amenewa amasindikizidwa ku Britain ndi ku America, mtengo wake umayendera dola ndi paundi, ndiye chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 buku limodzi latsopano litha kumeza ndalama ya mbuzi yathunthu, semesita ikatha n'kungokhala pansi pa bedi.

Ngati pali kandalama koti mumuthandizire mwanayo, kaikeni pa laputopu ngakhale yogwiritsidwapo kale bola batire lake lizisunga moto, fulashi, ndi ya fotokope ndi kupulinta, chifukwa imeneyo ndiye imatuluka sabata ndi sabata osapuma. Mabuku ofunika kwambiri laibulale imawaika pa reserve, munthu amabwereka kwa maola ochepa n'kubweza, wochenjera amapita m'mawa anzake asanadzuke kapena sabata zoyambirira, osadikira mayeso atayandikira pamene kalasi yonse ikulimbirana buku limodzi. Ma continuing, ophunzira a zaka zapamwamba, nawonso amakhala ndi manotsi ndi ma past paper, mwana asachite manyazi kufunsa. Pa intaneti pali OpenStax ya ku Rice University ku America, ali ndi mabuku aulere ovomerezeka a Sociology, Psychology, Economics ngakhale la kalembedwe, adawunilode ali pa Wi-Fi ya pasukulu osati kudya bandulo yake. Za ngongole ya ku Loans Board musachedwe nazo, fomu idzazidwe nthawi yake isanatseke, ndipo kumbukirani kuti ndi ngongole, idzabwezedwa.

Buku likakhala loti agule, kaya ndi limene alekichala akuligwiritsa chaka chonse, edition yakale si vuto pa History, Philosophy kapena chiphunzitso cha Marx, Weber ndi Durkheim, anthu amenewa anamwalira kalekale sasinthanso maganizo. Pomwe pamafunika kusamala ndi pa ziwerengero, buku lakale likuuza chiwerengero cha anthu chakale pomwe kalembera wa 2018 wa NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero, anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo NSO yomweyo ili mu Zomba momwemo.

Kenanso kakang'ono poti ndife a kuchigwa, mwana akabwera ku holide ya nthawi ya mvula asabwere ndi mabuku onse. Amene wabwera nawo alowe mu ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro limodzi ndi satifiketi ya MSCE, ndowayo ikhale pamwamba, madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa, ndipo madzi akapanda kubwera chiswe chimabwera.

Tsopano iwe mphwanga wa ku Bangula. Kuloweza kunakupititsa Form 4 koma kuno sikukupititsa patali, alekichala buku lija analiwerenga kale mwina kangapo, sakufuna umubwezere zomwezo. Textbook ntchito yake ndi kukulowetsa pakhomo basi, kukuuza kuti akatswiri anakangana zotani, koma zitsanzo zake ndi za ku Chicago ndi ku London poti analembera ana a kumeneko. Malikisi amabwera pomwe iwe watenga chiphunzitsocho n'kuchiyesa pa nkhani ina yake yeniyeni, n'kunena kuti apa chikugwira, apa sichikugwira, chifukwa chake ndi ichi.

Titenge funso loti fotokozani chifukwa chimene anthu amakanira kusamuka m'malo a ngozi. Wa ma 50 alemba tanthauzo la ngozi zogwa mwadzidzidzi, mitundu yake, zotsatira zake, tsamba latha. Iwe unawaona anthu m'makampu ku Bangula, ukudziwa a ku Makhanga amene amauzidwa chaka ndi chaka kuti apite kumtunda koma madzi akaphwa amabwerera, ndipo ukudziwa kuti si umbuli, kudimba kuja chimanga ndi mbatata zimacha nthawi yachilimwe pamene kumphala kuli gwa, kuli nsomba, kuli manda a makolo, ndipo nyakwawa ikasamukira m'dera la mfumu ina unyakwawa wake uli pati. Imeneyo ndiye mfundo, uyiike m'ndime yoyamba momwemo m'chiganizo chimodzi chomveka, osaibisa kumapeto.

Koma zomwe ukudziwa pawekha sizikwana, pafunika umboni wolembedwa, ndipo apa ndi pomwe ana a kuchigwa muli ndi mwayi umene ambiri simuudziwa. Chigwa chathuchi chinalembedwa kwambiri. Elias Mandala, Mmalawi amene anaphunzitsa ku University of Rochester, anatulutsa mu 1990 buku la mbiri ya chigwa cha Shire kuyambira 1859 mpaka 1960 lotchedwa Work and Control in a Peasant Economy, muli za thonje, za ulimi wa kudimba ndi kumphala, ndi m'mene madzi a Shire anakwerera m'zaka za m'ma 1930 n'kumiza madimba ambiri. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anagwira ntchito kuchigwa kuno, analemba za M'bona wa ku Khulubvi m'buku la 1992 la River of Blood. Pa mbiri ya dziko lonse pali la John McCracken la 2012 loyambira 1859 mpaka 1966. Ukaika awiri mwa amenewa pambali pa textbook yako, asayimenti yako siifanananso ndi ya aliyense m'kalasimo. Kayang'ane ku gawo la mabuku a za Malawi m'laibulale, ndipo pa nkhani za m'majenolo yamba ndi Google Scholar ndi AJOL, tsamba la pa intaneti la majenolo a mu Africa, ukafunsenso ogwira ntchito m'laibulale za JSTOR, nkhokwe ina ya majenolo ya pa intaneti, anthu amenewa amadziwa zambiri koma ana asukulu amangowadutsa.

Za ma reference, kaperekedwe ka komwe watenga mfundo zako, dipatimenti iliyonse ili ndi kachitidwe kake, ena APA ena Harvard, funsa n'kutsatira kamodzi komweko kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chizolowezi chimene chimapulumutsa ndi ichi, pomwe ukulemba manotsi lemberatu dzina la wolemba, chaka ndi nambala ya tsamba pambali pa mfundo iliyonse, mawu amene wawakopera ndendende uwazunguze kuti usadzaiwale kuti si ako. Ena amene amagwidwa ndi plagiarism, kukopera za eni osatchula mwini wake, sanafune kuba ayi, anangosakaniza manotsi usiku wa deadline osadziwanso kuti chiganizo ichi chinachokera kuti, koma chilango sichifunsa zimenezo. ChatGPT nayo usamale nayo, imatha kukupangira dzina la buku loti kulibe, chaka chake ndi wosindikiza zonse zooneka bwinobwino, alekichala akangolifufuza n'kulisowa wathera pomwepo. Chimene sunachitsegule ndi maso ako chisalowe m'ma reference.

Kosi ya Language and Communication Skills ija ambiri mumaitenga ngati yongodutsa, bwerera ku manotsi ake uone za kamangidwe ka ndime, mfundo imodzi, umboni wake, kenako iwe ukuti bwanji. Ndiye asayimenti yotsatirayi ulembe ndime yoyamba yokha kudakali sabata imodzi, upite nayo ku ofesi ya alekichala nthawi imene anaika yokumana ndi ophunzira, uwafunse kuti mfundo ikuoneka kapena ayi, ndipo utengenso pepala la ma 50 lija akakuonetse pomwe anakuchotsera.