Kodi loboti "wabwera" kapena "yabwera"?

Mafunso a ulendo uno achokera kwa okonda masewero a pa kanema onena za zombo zouluka pakati pa nyenyezi, makina olankhula ndi anthu olumpha zaka mazanamazana. Dandaulo lawo ndi limodzi. Kuonera amaonera m'Chingerezi, koma pofotokozera anzawo m'Chichewa lilime limakodwa.

Mphunzitsi wina wa ku Mchinji akuti: "Ana a fomu 2 anandifunsa dzina la Chichewa la zimene Angerezi amati science fiction. Ndinawauza kuti ndi nthano zamatsenga. Kodi ndinaphonya?"

Aphunzitsi, mawu onse awiriwo ndikuwakana, makamaka lachiwirilo. Matsenga safuna kufotokozera. Akati munthu wakwera lichero ku Nsanje usiku, kukucha ali ku Karonga, palibe amene amafunsa kuti mafuta anathira angati. Masewero amene anawo akunena ali ndi pangano lina ndi woonera. Chodabwitsa chilichonse chili ndi makina ake, makinawo ali ndi amisiri, ndipo amawonongeka n'kukonzedwa. Mu Star Trek, sewero limene Gene Roddenberry analiyambitsa pa kanema wa NBC ku America mu 1966, anthu amaima pa kabwalo m'chombo, n'kuzimirira, n'kukatulukira pa dziko lina. Agogo akaona zimenezi amati ufiti basi. Koma m'chombo momwemo muli injiniya dzina lake Scotty, amene amachezera kukonza makinawo akazima. Mfiti ilibe makaniko.

"Nthano" nayonso siyikwana bwino, chifukwa nthano yathu imayang'ana kale, imayamba ndi "Padangotero", omvera n'kuvomera "Tili tonse". Ambiri mwa masewerowa amayang'ana kumene tikupita. Ine ndimati nkhani zopeka za sayansi, ndipo zikakhala za pa kanema, masewero opeka a sayansi. Dzinali ndi lotalikirapo, koma mwana amalimva osafunsanso. Chidutswa chimodzi cha sewero lotere ndi gawo. Mawu akuti sizoni, otanthauza gulu la magawo otuluka motsatizana, achinyamata anawazolowera kale, ndipo sindikuona chifukwa cholimbanirana nawo.

Mnyamata wa ku Ndirande amene amamasulira mafilimu m'Chichewa akufunsa: "Loboti ikalowa, ndinene kuti wabwera, yabwera, labwera kapena chabwera? Anzanga aliyense akunena zake."

Achimwene, funso lanu ndi limene landisangalatsa kuposa onse, ndipo ndichedwapo.

Mawu obwereka amayendayenda asanapeze khomo. Ena amati galimoto yanga, ena galimoto langa, ndipo onsewo ndi eni chiyankhulo. Poti zambiri timati maloboti, monga aja owongolera magalimoto m'tauni, khutu limalandira mosavuta "loboti la m'fakitale lawonongeka, maloboti onse aima". Kwa makina ongonyamula zitsulo, amenewo ndi mayankhulidwe abwino. Amene akuti "yawonongeka" sanachimwenso.

Zimasintha makinawo akakhala ndi dzina. Taonani momwe timachitira ndi nyama. Kumunda timati njovu yadya chimanga, koma m'nthano timati a Njovu anakwiya, Kalulu anawanyengerera. Dzina limakokera chinthu m'gulu la anthu. Komabe musaganize kuti "wa" payekha amasandutsa chinthu munthu, pakuti timatinso galu wabwera, katundu wafika, fodya watha. Pamene Chichewa chimaululira maganizo a wolankhula ndi pa mawu ena aang'onoang'ono. Kodi akufunsa kuti ndani kapena n'chiyani? Akuloza kuti ameneyu kapena chimenechi? Akumupatsa "a" waulemu kapena "chi" wonyoza?

Pali gawo la sewero limene nkhani yake yonse yagona pamenepa. Lili mu Star Trek: The Next Generation, sewero limene linaonetsedwa kuyambira 1987 mpaka 1994, ndipo gawolo, la mu 1989, limatchedwa "The Measure of a Man". M'chombo muli msilikali wopangidwa ndi manja a munthu, dzina lake Data, amene mbali yake anasewera Brent Spiner. Wasayansi wina, Maddox, akufuna kumumasulamasula kuti aone momwe anapangidwira, apange ena ambiri. Data akukana, ndipo mlandu ukufika kwa woweruza kuti agamule ngati iye ndi katundu wa gulu lankhondolo kapena mwini moyo wake. Mnzake wapamtima, Riker, akukakamizidwa kuima mbali yotsutsa. Pamaso pa bwalo akumugulula mkono, kenaka akupisa dzanja kumsana kwake n'kumuzimitsa, Data n'kugwera patebulo kuti khu. Kaputeni Picard, amene ndi Patrick Stewart, ndiye akumuimira, ndipo mfundo yake yolasa mtima ndi yakuti mukapanga zikwizikwi za otere n'kuzitcha katundu, mwayambitsanso ukapolo.

Gawo lonselo Maddox amatchula Data ndi kamawu ka Chingerezi kotchulira zinthu. Mlandu utatha, Data atapatsidwa ufulu wosankha, Maddox akumutchula ndi kamawu kotchulira munthu, mpaka woweruza akumuuza kuti waona kusinthako. M'Chingerezi kusintha kumeneku n'kwa kamawu kamodzi. M'Chichewa chiganizo chonse chimatembenuka. Poyamba Maddox wanu azinena kuti "Chimenechi ndi chipangizo, ndichitenga ndikachimasule, sichimva kanthu." Kumapeto anene kuti "Ameneyu ndi wodabwitsa." Woonera wa ku Ndirande adzamva kugonja kwa munthuyo asanauzidwe ndi wina aliyense.

Choncho musasankhe njira imodzi yoti onse m'filimumo azilankhulira. Aliyense alankhule monga mtima wake ulili. Wokonda lobotilo ati wabwera, wodana nalo ati chabwera. Mu Battlestar Galactica ya 2004 mpaka 2009, anthu otsala akuthawa makina otchedwa Cylon amene ena mwa iwo amafanana ndi anthu mpaka magazi. Msilikali woferedwa abale sanganene kuti "amenewa". Iye ati "zimenezi", ndipo tsiku limene lilime lake lidzaterereke n'kunena "ameneyu" ndi tsiku lalikulu m'nkhaniyo. Womasulira amene wasalaza zonse kuti zifanane wataya theka la sewero.

Mayi wina wa ku Lilongwe akuti: "Adzukulu anga a ku Lusaka atabwera anandiuza kuti usiku amatamba Supa Team 4. Mtima unandigunda."

Mayi, khazikani mtima pansi. M'Chinyanja cha ku Lusaka kutamba ndi kuonera, ndipo mawuwa analowa kuchokera ku Chibemba. Kuno kwathu kutamba ndi kwa afiti, n'chifukwa chake munadzidzimuka. Auzeni kuti akawoloka Mchinji azinena kuonera. Kuona ndi kwa kamphindi, kuyang'ana ndi kulozetsa maso, pamene kuonera ndi kukhala pansi n'kutsatira mpira, gule kapena sewero.

Chimene akuoneracho n'chabwino. Supa Team 4 ndi katuni imene inatuluka pa Netflix mu 2023, yolembedwa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Imanena za atsikana anayi a sukulu amene akuteteza Lusaka wa m'tsogolo. Khalani nawo pansi muonere limodzi.

Wophunzira wa ku Zomba akufunsa ziwiri: "M'masewerowa anthu amafa n'kudzukanso, ena amapita ku zaka zimene sizinafike. Ndingazinene bwanji osasokoneza?"

Pa za kufa, Chichewa chili ndi chida chimene ambiri amachigwiritsa ntchito pakamwa koma polemba amachitaya. Mvetserani kusiyana kwa "ndidagula njinga" ndi "ndidaagula njinga". Woyambayo njinga ali nayo. Wachiwiriyo, amene watalikitsa "a", akukukonzekeretsani kumva kuti inabedwa kapena anaigulitsa. Kutalikitsako kumanena kuti chinthu chidachitika koma zotsatira zake sizilipo lero. Mayankhulidwe amenewa amamveka bwino m'chigawo chapakati. Ndiye "adamwalira" ndi wa kumanda, pamene Cylon amene thupi lake linaphedwa, maganizo ake n'kukadzukira m'thupi lina, "adaafa". Lembani "a" awiriwo, musaope.

Doctor Who, sewero la BBC limene linayamba mu 1963, lili ndi vuto lina. Mwini nkhani akavulala kwambiri amasanduka munthu wa nkhope ina, ndipo nzeru imeneyi inabwera mu 1966 pamene William Hartnell anasiyira Patrick Troughton. Kubadwanso ndi mawu a kutchalitchi, kusandulika kumanunkha matsenga, choncho ingonenani kuti wasintha thupi. Jodie Whittaker atatenga mbaliyi monga mkazi woyamba kuitsogolera, olankhula Chingerezi anayamba kupunthwa pa timawu tawo ta mwamuna ndi mkazi. Ife "iye" amakwana onse, kuphatikizapo Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda, amene anavala udindowu mu 2023.

Pa za nthawi, samalani ndi pa, ku ndi mu. Munthu akapita patsogolo ndiye kuti watukuka. Akapita kutsogolo, mwina wakakhala pafupi ndi dalaivala. Wa m'sewero lanu walowa m'tsogolo, ndipo kuti zimveke onjezani muyeso, monga "walumphira m'tsogolo zaka 500". Pobwerera pewani "wabwerera m'mbuyo", chifukwa kwa ambiri ameneyo ndi munthu amene wayambiranso mowa. Nenani kuti wabwerera ku nthawi yakale, kapena tchulani chakacho.

Bambo wina wokhala ku Johannesburg akufunsa: "Nanga zamoyo zochokera kunja kwa dziko lapansi tizizitcha chiyani? Obwera?"

Bambo, inu amene mukukhala kumeneko mukudziwa kuwawa kwa mawu akuti obwera, ndiye tiwasiye. "Za kumaiko ena" anthu amva Tanzania ndi Botswana. Polankhula za zonse pamodzi ndimati zolengedwa za kumapulaneti ena. Koma zikakhala ndi chiyankhulo, malamulo ndi miyambo ya maliro, ndimazitcha anthu a kwakutikwakuti, monga Spock wa mu Star Trek amene bambo ake ndi a ku pulaneti ya Vulcan, mayi ake a padziko pano. A Klingon, mtundu wina wa m'sewero lomwelo, ali ndi chiyankhulo chathunthu chimene katswiri Marc Okrand anawakonzera m'zaka za m'ma 1980. Wolankhula ndi munthu.

Funsoli linayankhidwapo kale m'chiyankhulo chathu. Mu 1977 bungwe la NASA linatumiza zombo ziwiri za Voyager, chilichonse chitanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni m'ziyankhulo 55. Chinyanja chilimo, cha kalankhulidwe ka ku Zambia. Moniwo umayamba ndi "Muli bwanji" ndipo olonjeredwawo akutchedwa "bantu bakumwamba". Wolankhulayo anawapatsa umunthu ndi ulemu asanawaone. M'sewero "anthu akumwamba" angamveke ngati angelo, choncho sindikulimbikitsani kuwagwiritsa ntchito, koma mawu amenewo ali m'chombo chimene lero chili kutali kuposa chinthu china chilichonse chopangidwa ndi anthu.

Ambiri mwafunsa kuti: "Inuyo mumakonda liti, ndipo tiyambire pati?"

La akuluakulu ndi The Expanse, la 2015 mpaka 2022, masizoni 6. Mulibe zozizwitsa zambiri poyambirira. Chombo chikafika pakati pa ulendo chimatembenuka kuti injini yomweyo ichepetse liwiro, ndipo anthu amamva kulemera kwake m'mafupa. Anthu a dziko lapansi ndi a ku Mars amakangana, pamene ogwira ntchito m'miyala ya pakati pa Mars ndi Jupiter amapimiridwa madzi ndi mpweya. Obadwira kumeneko ndi aatali, a mafupa osalimba, ndipo povomera amagwedeza nkhonya, chifukwa mutu suoneka bwino m'chisoti cha m'mlengalenga. Ali ndi chiyankhulo chawo chosakaniza, chimene Nick Farmer anachipanga potola mawu m'ziyankhulo zambiri. Amene munamvapo agogo opita ku migodi ya ku Joni pa Wenela akulankhula Chilapalapa mudzachizindikira msanga. Ndi chiyankhulo chobadwira pantchito yowawa, ndipo mabwana amachinyoza. Kusiyana kwake n'kwakuti a m'seweroli anachisandutsa chawochawo, ndipo amachilankhula monyadira pamaso pa owapondereza.

Amene alibe nthawi ya masizoni 6 afune gawo limodzi la The Next Generation la mu 1991 lotchedwa "Darmok". Picard akusiyidwa pa pulaneti limodzi ndi kaputeni wa mtundu wina, Dathon. Makina omasulira akugwira bwino ntchito, mawu aliwonse akumveka, koma tanthauzo palibe, chifukwa mtunduwo umalankhula pongotchula maina ndi zochitika za m'nthano zawo. Oonera ena zimawazunguza. Ife tikhoza kufulumira kumvetsa, poti timatero tsiku ndi tsiku. Wina akamakanika kusankha pakati pa ntchito ziwiri, mkulu amangoti "pusi anagwa chagada", osatchula n'komwe "ichi chakoma, ichi chakoma". Mlendo wodziwa mawu atatu onsewo amangoyang'ana kuti pusiyo ali kuti. Picard amayamba kumva pamene iye ndi Dathon alimbana ndi chilombo chimodzi, ndipo usiku, Dathon atavulala, Picard amamubwezera nthano ya padziko pano, ya Gilgamesh ndi Enkidu.

Achimwene a ku Ndirande, gawo limeneli mukadzalimasulira, mawu a Dathon musawawongole. Asiyeni akhale ophiphiritsa momwemo, oonera avutike limodzi ndi Picard mpaka atulukire okha. Lili mu sizoni yachisanu, ndipo silikwana ola.