Musalumikize masipika anu musanaiyeze ampulifayayo

Achimwene, ndaona kuti ambiri akukuuzani kuti mungolumikiza masipika anu a 4 ohms ku ampulifaya yakaleyo n'kumva mmene zikulirira, ndipo mtima wanga wakana kuti ndikhale chete, chifukwa umu ndi mmene ndinaonongera masipika amene malume anga anandisiyira. Anali masipika a bokosi lotsekeka mbali zonse, olemera moti kunyamula imodzi kunkafuna kupumira panjira, ndipo malumewo anawasunga zaka zoposa 30 popanda kuwapweteka. Ine anandikhalira miyezi iwiri yokha.

Ampulifaya imene ndinagula inali ya m'zaka za m'ma 1970, ya mawati 45 mbali iliyonse, yankhope yasiliva yowala ndi timagetsi tokongola tija timene timatikopa tonsefe. Wogulitsayo analumbira kuti yadutsa m'manja mwa katswiri, ma capacitor onse asinthidwa, ndipo palibe chokhudzanso. Anaiyatsa pamaso panga kwa mphindi zosakwana zisanu ndi timasipika tating'ono, mawu ali pansi, ine n'kukhutira. Masabata oyamba zonse zinkayenda bwino, kupatula kuti pamwamba pake pankatentha kwambiri, ndipo ndinkadziuza kuti zakale zimatero.

Tsiku la tsokalo ndinawonjezera masipika ena awiri a 8 ohms, n'kutembenuzira batani pa A+B kuti onse anayi alire pamodzi. Ndinaika chimbale, ndinakweza mawu kupitirira pang'ono theka, ndipo nyimbo yoyamba inatha bwinobwino. Pakati pa yachiwiri panamveka kuti phu! kumanzere, nyimbo inazimirira mbali imeneyo, m'malo mwake n'kubwera kung'ung'udza kwakukulu kosalekeza. Nsalu yakutsogolo kwa sipika ndinali nditaichotsa, choncho ndinaona ndi maso anga woofer, chozungulira chachikulu chotulutsa mawu a besi chija, itatulukira kunja n'kuima pomwepo osabwerera, ngati pali munthu akuikankha kuchokera m'kati. M'malo mozula pulagi ndinathamangira kutsitsa voliyumu, zimene sizinathandize chilichonse, ndipo masekondi amenewo ndi amene anandiphera sipika. Fungo la vanishi wopserera linadzaza chipinda, kautsi kopyapyala kakutuluka m'mphepete mwa woofer. Nditazimitsa, ndinakankha pepala lakelo ndi zala ndipo linangokhwekhwereza, chizindikiro chakuti koyilo yapsa n'kufufuma. Ndinakhala pansi nthawi yaitali osalankhula, ndikuganiza za mmene malume ankapukutira mabokosi amenewo.

Mmisiri amene anaitsegula pambuyo pake anandiitana kuti ndidzadzionere ndekha. Transistor imodzi yotulutsa mphamvu inali itafa n'kusanduka ngati waya wongodutsitsa magetsi, moti magetsi a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, oposa ma volt 30 ankapita molunjika ku sipika. Zimenezo zimachitika, ndipo n'chifukwa chake opanga amaikamo relay yodula masipika zinthu zikasokonekera. Koma relay imeneyo munthu wina anali ataidumphitsa ndi kawaya, fyuzi anali ataikamo yaikulu kuposa yolembedwa pambali pake, ndipo ma capacitor amene ankati ndi atsopano anali omwewo a ku fakitale, awiri atafufuma pamutu. Munthu ameneyo ankadziwa bwino lomwe kuti relay ikudula mawu chifukwa chakuti m'kati muli vuto, ndipo m'malo mochiza nthendayo anangotseka pakamwa wodwalayo kuti katundu agulike. Nditamuimbira anandiyankha kuti zinthu zakale sizikhala ndi chitsimikizo, kenako anasiya kuyankha foni. Mpaka lero ndikaona mawu akuti "yakonzedwa yonse" pa malonda, magazi anga amawira, chifukwa ambiri mwa anthu otere chimene amakonza ndi kupukuta fumbi ndi kusintha timababu.

Kunena chilungamo, nanenso ndinali ndi mbali yanga, ngakhale sindikonda kuivomera. Masipika a 4 ohms ndi a 8 ohms akalira pamodzi pa A+B, m'ma ampulifaya ambiri amalumikizana moyandikana, ndipo ampulifaya imaona ma ohm pafupifupi 2.7 okha. Kumbuyo kwake kunalembedwa momveka kuti pa A+B sipika iliyonse isachepere 8 ohms, koma ndinawerenga zimenezo utsi utatuluka kale. Ma ohm akachepa, magetsi odutsa m'ma transistor amachuluka ndipo kutentha kumakwera. Komanso nambala yolembedwa pa sipika ndi yongoyerekeza, pakuti sipika ya 4 ohms imatha kutsika kuposa pamenepo pa mawu ena. N'chifukwa chake masipika ngati AR-3a, amene anatuluka mu 1967, amadziwika kuti amafuna ampulifaya yamphamvu zenizeni, pamene ampulifaya ya NAD 3020 ya mu 1978 inatchuka ngakhale inali ya mawati 20 okha, chifukwa sinkagwada ikakumana ndi ma ohm ochepa.

Inu musayambe ndi mawati, yambani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Yatsani ampulifayayo popanda sipika, voliyumu ili pansi, idikireni mphindi khumi, kenako yezani DC pamene pamalowa mawaya a sipika. Ikakhala pansi pa ma millivolt 50 mukhoza kupuma, koma ikafika m'mahandiredi musalumikize chilichonse chimene mumachikonda. Mvetseraninso ngati relay ikulira kuti tcha patapita masekondi angapo mutayatsa, ngati mtundu wanuwo uli nayo. Zoyatsa popanda sipikazi ndi za ma transistor okha. Ya mavalavu, timachubu tagalasi tija, musaiyese choncho chifukwa mukhoza kuononga transformer yake, ndipo imeneyo imafuna kuti sipika ilowe pa 4, 8 kapena 16 ohms molingana ndi mmene ilili. Mukatero muyese ndi masipika otchipa kwa masiku angapo.

Pa nkhani ya mphamvu, onani ma dB a sipika, nambala yosonyeza kukwera kwa mawu amene imatulutsa ikapatsidwa mphamvu yofanana ndi inzake, chifukwa kuwonjezera 3 dB kumafuna mawati owirikiza kawiri, ndipo sipika ya 86 dB imafuna mphamvu yowirikiza kakhumi kuti ifanane ndi ya 96 dB. Mawati oti muwakhulupirire ndi a RMS, kutanthauza mphamvu imene ampulifaya imatulutsa mosalekeza, amene lamulo la ku America la mu 1974 linakakamiza opanga kuti azilemba, osati manambala akuluakulu okopera ogula olembedwa kuti PMPO. Ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa mpaka mawu kuyamba kusweka imawotcha ma tweeter, timasipika ta mawu ang'onoang'ono, msanga kuposa yaikulu imene ikuyenda momasuka, ngakhale simukufunika chilombo ngati Pioneer SX-1980 ya mawati 270 m'chipinda wamba.

Komabe musachite mantha mpaka kuisiya, chifukwa zipangizo za nthawi imeneyo n'zolimba ndipo zimakonzeka. Ampulifaya yomwe ija ndinaikonzetsa, relay inabwezeretsedwa, ndipo ndi imene ndikumvera panopa ndi masipika ena a 4 ohms. Nthawi zina alendo akabwera ndimatembenuzirabe pa A+B, koma mawu ali pansi, dzanja likuyendera pamwamba pake pafupipafupi. Sipika ya malume yotsalayo ili pakona, ndipo woofer yofanana nayo ndikuisakabe, choncho ngati wina m'gulu muno ali ndi ya mainchesi 12 ya 4 ohms yochokera m'bokosi lotsekeka, andilembere ku inbox.