Kodi kaundula wa kuchipatala angatiuze chiyani za schizophrenia?

Wowerenga wina wa ku Ngabu, amene akuphunzira unamwino, wanditumizira imelo kufunsa ngati angagwiritse ntchito kaundula wa odwala matenda a m'maganizo pofufuza ngati chamba ndicho chikuyambitsa schizophrenia, matenda aakulu osokoneza maganizo, pakati pa anyamata a kuno ku chigwa cha Shire.

Funso lanuli anthu analifufuzapo kale ku Sweden. Anatenga zolembedwa za anyamata oposa 45,000 amene anaitanidwa ku usilikali mu 1969 ndi 1970, n'kuwatsatira m'kaundula wa zipatala kwa zaka 15. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 1987, zinasonyeza kuti amene anasuta chamba koposa ka 50 ankadwala matendawa kuwirikiza pafupifupi ka 6 poyerekeza ndi osasuta. Izi zinatheka chifukwa munthu aliyense kumeneko ali ndi nambala yake imodzi yomwe imalembedwa kulikonse kumene wapita.

Apa ndiye pagona vuto lathu. Wodwala wa ku Makhanga akhoza kuonedwa ku Nsanje, n'kutumizidwa ku Zomba Mental Hospital, kenako n'kumakalandirira mankhwala ku Chikwawa kwa amalume ake, ndipo dzina lake lilembedwa mosiyana m'mabuku atatu ngati anthu atatu. Kabuku kake kakuchipatala, komwe kakanalumikiza zonsezi, mwina kanapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Ziphaso za unzika tinayamba kulembetsa mu 2017, ndipo ndimalakalaka nambala yake itamalembedwa pambali pa dzina la wodwala aliyense.

Kumbukiraninso kuti kaundula amawerenga okhawo amene anafika pachipatala. Amene achibale anapita naye kwa sing'anga kapena kumapemphero, ngakhalenso mayi amene amangodzitsekera m'nyumba osavutitsa munthu, mulibemo. Anyamata olusa ndi amene amabwera nawo atawamanga manja, choncho m'buku amaoneka ochuluka. Komanso munthu wosokonezeka mutu chifukwa cha malungo aakulu, khunyu kapena kachasu akhoza kulembedwa molakwika ngati wa schizophrenia.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musankhe funso limene bukulo lingayankhe moona. Mwachitsanzo, werengani kuti mwa odwala amene amabayitsa jekeseni ya fluphenazine (mankhwala a schizophrenia) mwezi ndi mwezi, ndi angati amalephera kubwera kuyambira Januwale mpaka Marichi, Shire ndi Ruo zikasefukira, poyerekeza ndi m'chilimwe. Musanatsegule bukulo mupeze chilolezo cha NHSRC (komiti ya boma yoona za kafukufuku wa zaumoyo) kapena komiti ya kafukufuku ya sukulu yanu, ndipo musakopere dzina kapena mudzi wa wodwala aliyense, chifukwa mbiri yakuti uje anadwalapo misala imatha kumulepheretsa ukwati ndi ntchito yomwe.