Chimbale, chinjoka ndi mfiti amene si mfiti

Funso: Ndimakonda nyimbo za symphonic power metal, makamaka zimbale zosimba nkhani za malupanga ndi zinjoka. Ndikufuna kulemba za nyimbozi m'Chichewa, koma dzina lakelo landiimitsa mutu. Kodi ndinganene kuti "nyimbo za chitsulo champhamvu"?

Yankho: Musatero. Mukalemba choncho, wowerenga aganiza za munthu amene akumenya khasu lakutha ndi mwala. Mayina a mitundu ya nyimbo sitimasulira: reggae timati reggae, jazz timati jazz. Lembani "nyimbo za metal", kenako muuzeni wowerenga zimene khutu limamva: magitala amagetsi, ng'oma zothamanga ngati akavalo apampikisano, woimba wokweza mawu mpaka kumtunda, ndipo pamwamba pa zonsezi mavayolini, malipenga ndi kwaya. Liwiro ndi mawu okwerawo ndiye power metal, imene gulu la Helloween la ku Hamburg lidathandiza kuimika ndi zimbale zake za mu 1987 ndi 1988. Mavayolini ndi kwayayo ndiye mbali ya symphonic. Kumayambiriro, magulu ambiri ankatulutsa mawu a zoimbira zimenezi pa kiyibodi, chifukwa kulipira oimba makumi angapo si masewera.

Samalaninso ndi mgwirizano wa mawu. Timati "gulu la Rhapsody lidatulutsa", koma "bandi ya Rhapsody idatulutsa". Sankhani limodzi ndipo muyende nalo mpaka chiganizo chithe.

Funso: Nanga concept album ndi chiyani m'Chichewa? Mnzanga akuti "chimbale cha ganizo".

Yankho: Mnzanuyo watola mawu m'dikishonale, koma chinthucho wachisiya. Chimbale chopanda ganizo ndi chiti? Chosiyanitsa n'chakuti nyimbo zonse zimalumikizana, ina kupitiriza pamene inzake yalekezera. Ine ndimati "chimbale chosimba nkhani imodzi". Ngati palibe nkhani yoyenda koma nyimbo zonse zikuzungulira pa chinthu chimodzi, nenani "chimbale cha mutu umodzi". Mawu akuti chimbale ndi athu kale: adachokera ku mbale, chifukwa cha maonekedwe a malekodi obulungira aja, ndipo akugwirabe ntchito ngakhale lero tikumvera pa foni. Zikachuluka ndi "zimbale". Nkhani ya lupanga imene Rhapsody, gulu la ku Trieste m'dziko la Italy, lidayamba mu 1997 idatha mu 2002, ndiye mulemba kuti "nkhani imodzi yoyala pa zimbale zisanu".

Funso: Ndalemba kuti chimbale cha Nightfall in Middle-Earth "chidauziridwa ndi buku la Tolkien". Mkonzi wanga wadula mzere pansi pa mawuwo osandiuza chifukwa.

Yankho: Mkonziyo ali ndi khutu. M'Chichewa, kuuzira kumapita ndi mpweya, ndipo "kuuziridwa" ambiri tidakumva koyamba pa nkhani ya Malemba. Mukati chimbale chidauziridwa ndi buku, mwalisandutsa bukulo mzimu. Mawu apafupi alipo: "chidatengera nkhani ya m'buku", kapena "nkhani yake idachokera m'buku". Apa ndi oona ndithu. Gulu la Blind Guardian la ku Krefeld, m'dziko la Germany, lidatulutsa chimbalechi mu 1998 potengera buku la The Silmarillion, limene lidasindikizidwa mu 1977, patapita zaka zinayi mlembi wake, J.R.R. Tolkien, atamwalira. Ndi nkhani ya miyala itatu yowala imene mmisiri wina dzina lake Fëanor adapanga, mdani wamkulu Morgoth n'kuiba, ndi nkhondo zimene zidatsatira. Chimbalecho chimayamba ndi mathero a nkhondo, kenako chimabwerera m'mbuyo.

Koma musagwiritse mawu omwewo pa Rhapsody. Nkhani yawo sidachoke m'buku la munthu wina; adaipeka yekha Luca Turilli, amene panthawiyo anali woimba gitala wa gululo. Pamenepo nenani kuti "adapeka nkhani yofanana ndi za m'mabuku otere". Kutengera nkhani n'kwina, kutengera kalembedwe n'kwina.

Poti tatchula kupeka, dziwani kuti mneni ameneyu ndi woterera. "Wapeka nyimbo" ndi chiyamikiro, koma "wapeka nkhani" kawirikawiri ndi mlandu wa bodza. N'chifukwa chake pa mabuku a fantasy ndimakonda mawu akuti "nthano". Ena amadandaula kuti nthano ndi za Kalulu ndi Fisi, za ana. Onjezerani pang'ono basi: "nthano zazitali za maiko ongoganizira". Wowerenga amva kuti palibe amene akunamizidwa.

Funso: Mawu anayi andisowetsa tulo: wizard, dragon, dwarf ndi elf. Kodi ndilakwa ndikalemba kuti mfiti, napolo, kafula ndi mzimu?

Yankho: Apa ndiye pali ntchito, ndipo pa anayiwo palibe limene ndingalisiye momwe mwalilembera.

Tiyambe ndi mfiti. Mawu amenewa alibe mbali yabwino. Mfiti imatamba usiku, imalodza, imapha abale. Tsono taonani Gandalf wa m'nthano za Tolkien: nkhalamba yandevu, ndodo m'manja, yolangiza mafumu ndi kuteteza ofooka. Mukamutcha mfiti, wowerenga amudikirira kuti adye munthu, ndipo nkhani yonse yapendekeka. "Sing'anga" nayenso sakwana, chifukwa ntchito ya Gandalf si kuchiza kapena kuombeza. Mawu amene amanyamula wabwino ndi woipa yemwe ndi "wamatsenga". Mufunika mawu oterowo, popeza Saruman ndi wa gulu limodzi ndi Gandalf, koma iye adapandukira anzake. Mukatero mukhoza kulemba kuti "wamatsenga wanzeru uja" ndi "wamatsenga wopanduka uja", osasintha dzina la ntchito yawo. Mwa njira, Christopher Lee, amene adasewera ngati Saruman m'mafilimu, ndiyenso adakhala wosimba nkhani pa zimbale za Rhapsody kuyambira mu 2004. Munthu woteroyo musamutche "wolankhula". Ndi "wosimba nkhani", mwini nthano.

Dragon ndi "chinjoka". Owerenga Baibulo amachidziwa kuchokera ku Chivumbulutso 12, ndipo "chi-" wakutsogoloyo wanena kale za kukula ndi kuopsa. Pochitchula koyamba onjezani kuti "chamapiko, cholavula moto", kenako muzingoti chinjoka. Napolo musiyeni. Iye ndi wa madzi ndi kugumuka kwa phiri, pamene chinjoka cha m'nyimbozi chimauluka ndi kutentha midzi. Kuika napolo pamenepo n'kuthira madzi pamene wolemba adakoleza moto.

Kafula ndi wokopa chifukwa cha msinkhu, koma Akafula timawatchula m'mbiri ngati anthu amene adaliko kale, osati zolengedwa za m'nthano ya ku Ulaya. Ma dwarf a Tolkien ndi amisiri osula ndi okumba migodi, andevu, onyamula nkhwangwa. Afotokozeni kamodzi kuti "mtundu wa anthu aafupi, osula ndi okumba pansi pa mapiri", kenako sungani dzina lawolo.

Elf ndiye si mzimu konse. Mzimu ndi wa munthu amene adafa. Ma elf a mu Nightfall in Middle-Earth amabadwa, amakwatira, amalumbira malumbiro oipa, amaphedwa kunkhondo. Chimene sachita ndi kufa ndi ukalamba. "Chiwanda" chingaipitse zinthu koposa. Lembani "ma elf", monga timalembera mayina ena obwereka amene sanakhazikike, ndipo mgwirizano wake ukhale wa anthu: "ma elf adawoloka nyanja", "mfumu yawo idaphedwa". Mukalemba "zidawoloka" mwawasandutsa zilombo, chonsecho chimbale chonse chikulira maliro awo.