Maso ali bwino koma saona za kumanzere

Mwafunsa za bambo anu amene chidwalireni sitiroko amangodya nsima ya mbali imodzi ya mbale, ya kumanzere n'kuisiya, pomwe adokotala akuti maso alibe vuto. Adokotalawo sananame ayi. Diso limangotola kuwala, kuona kwenikweni kumachitikira mu ubongo.

Retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso, imasandutsa kuwala kukhala mauthenga amene amayenda mu mtsempha wa timaulusi toposa 1 miliyoni. Pansi pa ubongo, pamalo otchedwa optic chiasm, pafupifupi theka la timaulusito timaolokera mbali inayo. Ndiye zonse za kumanzere, zochokera m'maso onse awiri, zimathera ku ubongo wa kumanja, kudutsira mu kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa thalamus mpaka kunkhongo. Magazi akasiya kufika kumeneko chifukwa cha sitiroko, mbali yonse ya kumanzere imazima. Magalasi wamba apa sathandiza, musataye ndalama.

Ayeseni chonchi: khalani moyang'anizana, atseke diso limodzi, ayang'ane mphuno yanu, inu muzigwedeza chala kuchokera m'mbali. Akachiona pokhapokha chafika pakati, ndi zimenezo. Koma ngati sameta ndevu za kumanzere, kapena saika mkono umenewo m'malaya, pawonongeka ndi pamwamba cha m'mbali mwa ubongo, pomwe pamawongolera chidwi. Izi n'zovutirapo, chifukwa munthu sadziwa n'komwe kuti china chikusowa.

Mbale muziwatembenuzira. Aphunzire kutembenuza mutu wonse asanaoloke msewu, njinga ndi galimoto asiye kaye. Kuchira kwambiri kumaoneka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira.